MPHAMVU YA MULUNGU SIGULITSIDWA M'BOTOLO

Pali nkhani imene ambiri timangoinong'ona kuseri kwa nyumba ya mapemphero. Mayeso a Giredi 12 akayandikira, kapena nchito ikasowa, ena a ife amathamangira kwa anthu odzicha aneneri kukagula tibotolo ta mafuta, madzi odalitsidwa ndi zibangili za pamkono. Akuti m'menemo ndimo muli mphamvu ya Mulungu. Ine ndikuti iai! Limeneli ndi bodza, ndipo likudya cikhulupiriro cathu monga ciswe cidyera nsanamira.

Kodi kabotolo kotere kasiyana pati ndi cithumwa ca kwa sing'anga? Zonse ziwiri mugula ndi ndalama, mubisa m'thumba, ndipo mtima wanu utsamira pamenepo. Kulembapo dzina la Yesu sikusandutsa cithumwa kukhala pemphero.

Tsegulani 1 Samueli 4. Aisrayeli atagonja kwa Afilisti sanalape macimo ao. Anangotuma anthu ku Silo kukatenga likasa la cipangano, poyesa kuti likafika kunkhondo Mulungu adzakakamizika kuwamenyera. Cotsatira cake? Asilikali 30,000 anafa, Hofeni ndi Pinehasi ana a Eli anaphedwa, likasalo n'kulandidwa. Ngati likasa lopangidwa mwa lamulo la Mulungu mwini silinapulumutse anthu osalapa, nanga kabotolo kogula pamsika kadzakucitirani ciani? Kumbukiraninso Simoni wa ku Samariya pa Macitidwe 8. Anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu yopatsa anthu Mzimu Woyera, koma Petro anamdzudzula koopsa namuuza kuti alape.

Pa cilungamo timalakwanso cimodzimodzi. Wina ayesa kuti ali wolungama cifukwa aimba kwaya, abvala yunifomu yoyera, kapena "wabzala mbeu" ya makwaca ambiri. Malonda otere si atsopano. M'caka ca 1517 ku Germany, Martin Luther analemba mfundo 95 zotsutsa kugulitsa makalata a cikhululukiro. Powerenga Aroma 1:17 iye anazindikira kuti cilungamo ca Mulungu ndi mphatso imene wocimwa ailandira mwa cikhulupiriro. Yesu anaphunzitsa zomwezi pa Luka 18: Mfarisi amene anawerenga zabwino zake anabwerera cimanjamanja, koma wamsonkho wodziguguda pacifuwa ndiye anayesedwa wolungama.

Ngakhale dziko lathu lomwe litiphunzitsa. Pa 29 Disembala 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lacikristu, ndipo mu 1996 mau amenewa analowa m'ciyambi ca malamulo oyendetsera dziko. Kodi ziphuphu zinatha? Kodi cigololo ndi kuba mayeso zinaleka? Dzina lokha silisintha mtima. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwina mudzandifunsa kuti, "Nanga Yakobo 5:14 sanena za kudzoza odwala ndi mafuta?" Anena ndithu. Koma werengani bwino. Oitanidwa ndi akulu a mpingo, amene akudziwani. Palibe mtengo wochulidwa. Ndipo woukitsa wodwalayo ndi Ambuye, osati mafutawo. Munthu amene akuuzani kuti mutaye mankhwala a ma ARV kapena a shuga cifukwa mwamwa madzi ake, ameneyo akukumbirani manda. Thawani!

Tsono mphamvu yeniyeni iri kuti? Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi lake ucotsedwe (2 Akorinto 12). Sunacotsedwe. Anapatsidwa cisomo cokwanira, ndipo anaphunzira kuti mphamvu ya Kristu ioneka bwino mwa munthu wofooka. Ndiyo mphamvu imene ilimbitsa mtsikana kukana bambo wandalama ngakhale fizi ya sukulu palibe. Ndiyo igwira mnyamata kuti asagule "likeji" pamene anzake onse agula. Imeneyi simungaipeze m'sitolo. Ipezeka pa maondo, m'Mau a Mulungu ndi m'ciyanjano ca oyera mtima.

Cotero ndikupemphani, pa msonkhano wanu wa acinyamata sabata ino werengani pamodzi 1 Samueli 4 ndi Afilipi 3:7-9. Amene ali ndi kabotolo kapena cithumwa asacite manyazi. Apite naco kwa abusa kapena mkulu wa mpingo, apemphere naye, acitaye. Ndalamazo mugulire makope, kapena muthandizire mnzanu wamasiye. Yesu analipira kale pa mtanda, ndipo munthu asakulipiritseninso.