Ngwazi ya mu kanema inagona m'ndende zaka ziwiri ndi theka

Filimu ya Hotel Rwanda ndinaionera mu vidiyo sho ya pa msika ndili Fomu 2. Tinali tathithikana pa mabenchi, thukuta kamukamu. Pamene galimoto la a Paul Rusesabagina linkadumphadumpha mu nkhungu, iwo n'kutsika n'kupeza kuti akuponda mitembo, chipinda chonse chinangoti zii. Ngakhale mnyamata wogulitsa mtedza analeka kuitanira.

Ndinatuluka ndikuganiza kuti za Rwanda ndazidziwa zonse. Kumeneko kunali kudzinamiza.

Zoona zake nazi. Kuyambira pa 7 Epulo mpaka mu Julaye 1994, anthu pafupifupi 800,000, ambiri a iwo a mtundu wa Atutsi, anaphedwa m'masiku 100 okha. Pa 17 Meyi chaka chomwecho, makolo athu kuno ali pa mzere kuvotera boma la matipate, ku Kigali zikwanje zinali pa ntchito. Mu hotela ya Mille Collines munabisala anthu oposa 1,200, mpaka ankamwa madzi a mu dziwe losambiramo. Amene ankayendetsa hotelayo anali a Rusesabagina, ndipo ankanyengerera akuluakulu a asilikali ndi mowa ndi ndalama. Anthu aja anapulumuka.

Mu 2004 a Terry George anapanga filimu, Don Cheadle n'kusewera ngati a Rusesabagina. Mu 2005 filimuyi inaonetsedwa mpaka ku Kigali komweko, ndipo chaka chomwecho pulezidenti wa America, George W. Bush, anawaveka mkuluyu mendulo ya ulemu.

Koma kanema ali ndi matenda ake: amafuna ngwazi imodzi basi. Ife timati mutu umodzi susenza denga, koma ku Hollywood mutu umodzi umasenza denga, zipupa ndi khonde lomwe. Pa hotelapo panalinso asilikali a United Nations. Panali Kaputeni Mbaye Diagne wa ku Senegal, amene ankazembetsa anthu pa galimoto lake kudutsa ma rodibuloko a zigawenga, mpaka anaphedwa pa 31 Meyi 1994. Kodi ndi angati mwa ife tinatuluka mu vidiyo sho tikudziwa dzina lake?

Ndale zinalowapo pamene ngwazi ija inayamba kutsegula pakamwa. A Rusesabagina, amene anachoka m'Rwanda mu 1996, anayamba kudzudzula pulezidenti Paul Kagame kuti ndi wolamula mwankhanza. Basitu ku Kigali nyimbo inasintha. Munthu amene ankaomberedwa m'manja dzulo lake anasanduka wabodza ndi wadyera. Ena mwa opulumuka mu hotela muja, monga a Edouard Kayihura amene analemba buku mu 2014, anati mkuluyu ankalipiritsa anthu ndalama za zipinda. Iwo amati zonsezi ndi boma likuwadetsa dala.

Tsono apa ndi pofunika kudekha. Wopulumuka akamadandaula, sitingangomuti watumidwa ndi boma. Iyeyo analipo, ife kunalibe. Komanso boma likayamba kuona zolakwa za munthu tsiku limene munthuyo wayamba kulitsutsa, tiyenera kufunsa kuti masiku onsewa maso anali kuti.

Mu Ogasiti 2020 a Rusesabagina anakwera ndege ku Dubai akuganiza kuti akupita ku Burundi. Ndege inakatera ku Kigali, unyolo uli chire. Mu Seputembala 2021 khoti linawagamula zaka 25 pa mlandu wa uchigawenga, ati ankathandiza gulu la zida la FLN limene linapha anthu wamba kum'mwera kwa Rwanda mu 2018. Iwo anali atanyanyala kale mlanduwo ponena kuti anachita kubedwa. Dziko la America linakakamira, ndipo mu Malichi 2023 anatulutsidwa.

Kunja anthu ankangofuula kuti ngwazi ya Hotel Rwanda yamangidwa. Amene anaphedwa mu 2018 aja, ndani anawatchula? Analibe filimu. Nawonso ena ambiri amene amamangidwa chifukwa chotsutsa boma la a Kagame alibe filimu, ndiye palibe Bush wowaveka mendulo, palibe wowapempherera ku Washington.

Sindikuti filimuyi ndi yachabe ayi. Popanda iyo, ine ndi anzanga a pa benchi paja sitikanamva n'komwe kuti kunali zoterezi. Koma akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Kanema ndi kandimverere: amasankha poyambira, pothera, ndi woti timukonde. Akatha maola ake awiri, andale amatola zotsalazo n'kumagendana nazo, maliro aja n'kuiwalika.

Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, msasa unatsegulidwa mu 1994 momwemo, ndipo mpaka lero kuli anthu ochokera ku Rwanda, Burundi ndi Congo. Ena timagula nawo sopo ndi shuga, n'kumangowatchula onse kuti Maburundi. Aliyense ali ndi yake nkhani, ndipo sizifanana. Musanayambe kumuuza za kwawo chifukwa munaonera Don Cheadle, khalani pansi, mumpatse moni, ndipo ngati angafune kulankhula, mumvetsere.