Mapilitsi a chithokomiro si ochepetsera thupi

Alimi anzanga, sabata ino ndasiya kaye za feteleza ndi mitengo ya mbewu, pakuti munda sulimika ngati mwini wake ali gone pamkeka.

Chaka chatha mlamu wanga wina, mayi wojintcha yemwe amalima mtedza, anamva kwa mnzake kumsika kuti timapilitsi ta chithokomiro timachepetsa thupi. Anayamba kutapa ta azakhali ake, omwe adokotala anawalembera atawachita opaleshoni ya pakhosi. Thupi linatsikadi, anthu nkumamuyamikira. Koma pofika nthawi yopalira, mayi amene kale ankaweruka dzuwa lili paliwombo anayamba kukhala pansi atangopalira mizere itatu, mtima ukuthamanga, manja akunjenjemera. Usiku tulo osabwera, thukuta lili kamukamu. Tinachita kufuna aganyu, ndipo azakhali aja mankhwala anawathera tsiku lokatenga ena lisanakwane.

Ambiri timadziwa chithokomiro chikatupa, koma kachiwalo kameneka tonse tili nako kutsogolo kwa khosi. Ntchito yake nkutulutsa timadzi timene timalamula liwiro lomwe thupi limagwiritsira ntchito chakudya. Mankhwala otchedwa levothyroxine kapena thyroxine ndi olowa m'malo mwa timadzito kwa munthu amene tikumuperewera, ndipo adokotala amayamba amuyeza magazi asanamupatse mlingo womuyenera.

Munthu wabwinobwino akawamwa, zili ngati kukupiza mbaula yoyaka kale. Makala amatha msanga. Chimene chimatha si mafuta okha ayi, minofu nayonso imapita, yomwe ija timadalira pogwira khasu ndi posenza matumba. Mtima umatha kuyamba kugunda mosalongosoka, zomwe zingadzetse matenda ofa ziwalo. Mafupa amafooka pang'onopang'ono, makamaka kwa amayi amene anasiya kusamba, ndipo ena amatsegula m'mimba. Mankhwalawa satuluka msanga: pakatha sabata imodzi, pafupifupi theka lake limakhala lidakali m'thupi. Ukawasiya, thupi lija limabwereranso.

Amene mumakonda nkhonya mukumbukira Muhammad Ali. Mu 1980, ali ndi zaka 38, ankamwa mankhwala a chithokomiro pokonzekera kumenyana ndi Larry Holmes ku Las Vegas. Anafika thupi litaphwa, akuoneka ngati mnyamata, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Analephera ngakhale kubweza nkhonya, mpaka mphunzitsi wake Angelo Dundee anaimitsa nkhonyayo itatha raundi ya 10. Nanga ngati zinatero ndi katswiri wokhala ndi madokotala pambali pake, kuli bwanji ine ndi inu amene chipatala chili mtunda wautali?

Ena adzati kunenepa kwambiri nakonso ndi vuto. Sindikukana, pakuti kumaitana shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Koma njira yake tikuidziwa kale ngakhale ndi yochedwa: kuchepetsa mitanda ya nsima, shuga wa mu tiyi, zokazinga ndi mowa, nkuchulutsa ndiwo zamasamba zimene zadzaza kudimba kwathu komwe.

Ngati mukunenepa kwinaku mukumva kutopa, kuzizidwa ndi kudzimbidwa kosatha, pitani kuchipatala akakuyezeni, mwina chithokomiro chanu nchofookadi. Amene munalemberedwa mankhwalawa pitirizani kumwa monga anakuuzirani, koma musagawireko wina, ngakhale mwana wanu. Ndipo ngati mwakhala mukumwa a mwini, lekani ndipo mukaonane ndi adokotala mutatenga kapaketi kake. Mukamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, musadikire kuti kuche.

Mlamu wanga uja pano ali bwino, ndipo thupi lake linabwerera mwakale. Chimene sichinabwerere ndi mtedza umene unadyedwa ndi udzu chaka chimenecho.