Duwa lokongolalo ndi namasupuni, bwana!

Abale anzanga, m'matauni muno mwabwera fashoni yokumba kadziwe kuseri kwa nyumba n'kubzalamo maluwa. Ine sindikuletsa ayi, ndalama ndi zanu. Changa n'chakuti muzidziwa chimene mukuponya m'madzimo, poti ena akusamala namasupuni ngati khanda, ati duwa lochokera kunja.

Zakunjazo n'zoona, kwawo ndi ku South America. Koma kafunseni asodzi a ku Nsanje ndi Chikwawa zimene chomera chimenechi chawachita chilowereni mu Shire kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Chimatseka njira za mabwato, chimakola maukonde, nsomba n'kumasowa mpweya pansi pake. Zinyalala zimene zimatseka makina a magetsi pa Nkula, namasupuni amakhala momwemo.

Kumuzindikira sikuvuta. Amayandama, mizu yake yakuda ngati ndevu ili lende m'madzi osagwira pansi. Masamba ndi onyezimira, opindika ngati supuni, ndipo phesi lake n'lotupa. Mukalifinya limachita ngati siponji. Maluwa amatuluka ambiri pa phesi limodzi, ofiirira mobiriwira, ndi kadontho kachikasu pamwamba. Kukongola ndiye asanene! Komatu pakatha milungu iwiri yokha amatha kuchuluka kawiri, ndipo njere zake zimakhala m'matope zaka 20 osafa. Kadziwe kakadzaza mumuzula n'kukataya mu ngalande, mvula n'kumukokolola mpaka kumtsinje. Basi mwabzalira dziko lonse.

Ngati muli naye kale, muzuleni, muyanike padzuwa kutali ndi madzi mpaka aume gwa, kenako mutenthe.

Mukafuna duwa la m'madzi, bzalani kakombo wathu yemweyu. Iye mizu imagwira m'matope, masamba ozungulira ong'ambika mbali imodzi amagona pamwamba pa madzi, duwa limodzi pa phesi limodzi. Ndi yemwe uja amabereka nyika, zimene anzathu a kuchigwa cha Shire amakumba m'madambo chaka cha njala. Muikeni mu ndowa yakale ya dothi la makande, osati manyowa, mumize ndowayo mwina theka la mita pamalo powomba dzuwa tsiku lonse. Pamthunzi sachita maluwa. M'mphepete mungaike gumbwa, nayenso mu ndowa yake kuti asalande malo.

Za udzudzu musachite nazo chibwana. Ponyanimo timatemba tizidya mphutsi, apo ayi aneba adzakutukwanani malungo akabuka. Ndipo ngati pakhomopo pali mwana wokwawa, mpanda uyambe kadziwe kasanakumbidwe.