Nyimbo Ziyende, Kompyuta Ikhale M'nyumba

Sabata ino tiyambe tasiya za mphika ndi singano, tikambirane za nyimbo, pakuti nazonso zili ndi mbali yake pa mtendere wa banja.

Kale nyimbo za pakhomo zinkasungidwa m'mbale za galamafoni ndi m'makaseti. Lero m'makomo ambiri zonse zasonkhana m'kompyuta imodzi: za kwaya, za pa ukwati, ndi za oimba akale monga Allan Namoko ndi Daniel Kachamba. Tsono vuto nali. Kompyutayo ili pabalaza, koma ntchito ili kwina. Abambo amaswera ku galaja kumapeto kwa mpanda, ife tili ku khitchini ya panja, ndipo aliyense afuna nyimbo pamene pali manja ake.

Ine ndinaphunzira nkhaniyi ndi misozi. Abambo a kunyumba kwanga amakonza magalimoto m'galaja yotalikirana ndithu ndi nyumba. Iwo anazolowera kunyamula laputopu ya banja m'mawa uliwonse, naikhazika pakati pa masipanala ndi zitini za girizi. Ndikati ndidandaule, ankangoyankha kuti, "Mayi, ntchito yopanda nyimbo imalemera." Tsiku lina mnyamata wowathandiza anakola chingwe ndi phazi, laputopu nigwa pa simenti. Nyimbo za Namoko tinazipezanso. Koma momwemo munali mawu a malemu mayi anga akutsogolera nyimbo pa ukwati wathu, amene tinawachotsa pa kaseti yakale, kasetiyo nkuitaya. Madzi akatayika saoleka.

Chotero langizo langa ndi limodzi: kompyuta ikhale m'nyumba, nyimbo ndizo ziyende. Njira zoziyendetsera zilipo zitatu.

Yoyamba, yomwenso ndi yotsika mtengo, ndi ya fulashi kapena memori khadi. Nyimbo ya MP3 ya mphindi 4 imatenga malo okwana pafupifupi 4MB. Motero fulashi ya 8GB ingathe kunyamula nyimbo pafupifupi 2,000, zokwanira munthu wogwira ntchito maola 8 pa tsiku kumvera kwa masabata awiri osabwereza ngakhale imodzi. Mawailesi ndi masipika ambiri a masiku ano ali ndi pobayira fulashi, ndipo ena amayendera mabatire kapena sola. Inu a kumudzi, njira yanu ndi imeneyi. Fulashi ikagwera m'oyilo mwataya ndalama zochepa, nyimbo zenizeni zili bwinobwino m'nyumba.

Pano ndikuchenjezeni za Bluetooth. Ogulitsa amaitama kwambiri, koma kawirikawiri mphamvu yake imathera pa mamita 10, ndipo khoma likatchinga imafupikirapo. Nkwabwino kuchokera pabalaza kufika pakhonde. Ku galaja ya patali mudzangomva nyimbo yodukaduka.

Njira yachiwiri ndi ya Wi-Fi, kwa inu amene muli ndi rauta m'nyumba. Munthu wodziwa, kapena mwana wanu wa ku sekondale, atsegule foda ya nyimbo pa kompyuta kuti zipangizo zina za pakhomo ziziiona. Kenaka tengani foni yakale ija yangokhala m'kabati, muikemo pulogalamu yaulere yotchedwa VLC, muilumikize ku sipika ya ku galaja. Foniyo idzaona nyimbo zonse za m'kompyuta, ndi zimene mwaonjezera dzulo zomwe. Ambiri sadziwa kuti njira imeneyi siidya bando, chifukwa nyimbozo zikungoyenda pakhomo pomwepo, sizikudzera pa intaneti. Koma dziwani kuti khoma la njerwa limafooketsa Wi-Fi, ndipo malata ndiwo amaitchinga koposa. Ikani rauta pamalo okwera, pafupi ndi zenera loyang'ana ku galaja. Ngati ili ndi manambala awiri, 2.4 ndi 5, sankhani 2.4, pakuti ndiyo imafika patali.

Wi-Fi ikalephera kufika, yatsala njira yachitatu, ya chingwe cha makompyuta chotchedwa Ethernet. Chingwechi chimagwira bwino ntchito mpaka mamita 100. Chimachokera pa rauta ya m'nyumba kukafika pa rauta ina ku galaja, ndipo foni ija imalandira nyimbo kuchokera pamenepo. Chingwecho chilowetsedwe m'paipi ya pulasitiki ndi kukwiriridwa mozama, kuopa makoswe ndi khasu. Nyengo ya mvula, kukayamba kugunda, chizuleni mbali zonse ziwiri, chifukwa mphezi ikagwa pafupi mphamvu yake imatha kutsata waya nkuononga zipangizo za m'nyumba ndi za ku galaja zomwe. Kumbukiraninso kuti njira ziwiri zomalizazi zimafuna kuti kompyuta ndi rauta zikhale zoyaka. Magetsi akazima, nyimbo nazo zazima, pamene fulashi ikali kuimba.

Chinthu chimodzi musalole, ngakhale abambo ataumirira: waya wa magetsi wolumikizalumikiza, womangidwa ndi majumbo, wodutsa pabwalo pamene ana amasewera ndi pamene inu mumachapira. Nyimbo siingagule moyo wa mwana. Ntchito ya magetsi apatsidwe munthu amene anaiphunzira.

Musanatulutse ndalama, khalani pansi awiriwiri. Yezani mtunda wochokera pabalaza kufika ku galaja, muwerenge makoma ali pakati, kenaka funsani odziwa, pajatu safunsa anadya phula. Lankhulani ndi abambo mwaulemu, osati mowaletsa nyimbo zao, koma mowaonetsa njira yabwino. Kwathu kuno tinagula mafulashi awiri, ina ya ku galaja, ina ya ku khitchini, ndipo mkangano wolimbirana kompyuta unatha.

Pomaliza, amayi anzanga, chitani ichi lero lomwe dzuwa lisanalowe. Fufuzani m'kompyuta ndi m'foni zanu zinthu zimene sizigulidwa pamsika: mawu a agogo, nyimbo za pa chinkhoswe, kwaya imene munaimbamo muli mtsikana. Zikopereni pa fulashi yapadera, muikulunge bwino, mukaisungitse kwa mchemwali wanu. Ine ndikadatero, bwenzi lero ana anga akumva agogo ao akuimba.