Masekondi 56.88 ndi Mtengo Wake

Mwezi uno tikambeko za kasambiridwe kotchedwa breaststroke, kamene munthu amapalasa madzi ndi manja onse awiri nthawi imodzi, miyendo ikukankha ngati chule. Pa mitundu inayi ya kusambira pa mpikisano, umenewu ndiwo wochedwa kwambiri, chifukwa pobweza manja ndi miyendo thupi limalimbana ndi madzi.

Adam Peaty wa ku England ankaopa madzi ali mwana. Koma mu 2015 anakhala munthu woyamba kusambira mamita 100 m'masekondi osakwana 58. Anapata mendulo ya golide pa Olimpiki ku Rio mu 2016 ndiponso ku Tokyo mu 2021. Ku Gwangju mu 2019 anatsitsa nthawiyo kufika pa masekondi 56.88.

Mu 2023 anayamba waleka mipikisano. Anaulula yekha kuti anali atatopa, akuvutika maganizo, ndipo mowa unkamusokoneza. Atapuma miyezi ingapo anabwereranso, ndipo ku Paris mu 2024 anapata siliva, atatsalira ndi masekondi 0.02 okha kwa Nicolò Martinenghi wa ku Italy.

Ifenso m'makomo mwathu tili ndi ana amene timawakankha kuti akhale nambala wani. Malikisi timafunsa, koma kodi timafunsa ngati akugona bwino? Mwana akasiya kudya, kucheza kapena kuseka, tisafulumire kunena kuti ndi ulesi. Tikhale naye pansi, timumvetsere, ndipo zikapitirira tipite naye kuchipatala.