LAPUTOPU YAKOYO SINAFE AISE, USAYITAYE

Uthengawu ndi wautali koma mulibe vidiyo, sukudyerani bandulo. Werengani mpaka pansi.

Sabata yatha msuweni wanga anabwera ndi laputopu yake atayikulunga m'chitenje ngati mwana wodwala. Akuti wokonza wina m'tauni wamuuza kuti yatha ntchito, akagule ina. Mtsikanayu ali ku koleji, ndipo ndalama ya laputopuyo inachokera m'usipa umene amayi ake anayanika pa thandala chaka chathunthu. Kugula ina? Ndi chani?

Ndinamasula timabauti ta pansi n'kuyang'ana m'kati. Fani inali itatsekeka ndi fumbi, n'chifukwa chake imatentha n'kuzima yokha. Hadi disiki inali yakale ija yozungulira, yolira ngati chigayo. Ndinapukuta fani, ndinaikamo SSD, ndinathiramo Linux Mint. Pano ikuyaka usanamalize kuthira shuga mu tiyi.

Nkhani ndi iyi. Pa 14 October 2025, Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Kompyuta siizima ayi, koma zigamba zotseka mipata yolowera akuba a pa intaneti sizibweranso mwaulere ngati kale. Windows 11 nayo imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Kwa Intel nthawi zambiri kuyambira m'badwo wa nambala 8. Ndiye taonani malaputopu athu. Ambiri ndi a kaunjika, anagwira kale ntchito m'maofesi akunja asanafike kuno. Ndi amphamvu ndithu, koma pakhomo la Windows 11 akubwezedwa.

Ine mfundo yanga ndi imodzi basi: chinthu chimene sungathe kuchitsegula n'kuona m'kati mwake, sichako. Wangobwereka.

Izi sindinaphunzire pa YouTube, ndinaphunzira kwa madala. Injini ya boti ikazima pakati pa nyanja usiku, mwera ukuyamba, kulibe woti umuimbire. Bambo anga amavula chivundikiro, kupukuta pulagi, kutsuka kabuleta, kukoka chingwe, basi alovi onse n'kupuma. Injini imeneyo ndi yaodi, chifukwa amaidziwa m'mimba mwake. Tsiku limene adzabweretse injini yomata ndi guluu yoti ikafa uziitumiza ku Lilongwe, asodzi adzathera m'madzi.

Linux ndi injini ya mtundu wa madalawo. Anaiyamba mnyamata wa pa yunivesite ku Finland, Linus Torvalds, mu 1991, ndipo malemba onse oyendetsa pulogalamuyo ali poyera. Aliyense akhoza kuwawerenga, kuwakonza, kuwagawira mnzake popanda kuba. Musaiope ngati chinthu chachilendo: foni ya Android ili m'manja mwanuyo, pansi pake pali Linux.

Sindikunamizani kuti zonse ndi uchi. Kuitsitsa kumadya pafupifupi 3GB, ndiye mmodzi atsitse, enafe tikopere pa fulashi. Photoshop siyenda bwinobwino. Word mulibe, muli LibreOffice, imatsegula mafayilo a Word koma nthawi zina matebulo amasokonekera, ndiye asayimenti muzitumiza ngati PDF. Masiku oyamba mudzatukwana. Koma mutha kuiyesa kuchokera pa fulashi osafufuta kalikonse, mukaikana n'kuzula fulashiyo basi.

Mnzanga wina anandifunsa pa bawo: "Iweyo malemba a Linux umatha kuwawerenga?" Zoona, ambiri sinditha. Koma tayang'anani bawo lomwelo. Maenje 32, nkhomo 64, zonse pamtunda. Wosewera ndi awiri koma oonera ndi khumi. Wina akadumpha dzenje potakata, kapena akabisa nkhomo m'chikhatho, sipafunika kuti iwe ukhale katswiri. Mkulu wina wakhala pa chitsa apo akuwa kale: "Bwerera! Wabera!" N'chifukwa chake pa bawo munthu amadyedwa nkhomo zonse n'kudzuka akuseka. Waona yekha mmene wagonjera. Linux ndi chimodzimodzi: pamene ine sindikuona, alipo anthu masauzande akuonera.

Tsopano ndilowe pamene ena mumati ndisamalowepo. Sindikunena chipani, aliyense ali ndi nsalu yake. Koma mukukumbuka chisankho cha pa 21 May 2019, mapepala a zotsatira atapakidwa Tipp-Ex. Pa 3 February 2020 majaji asanu anachifafaniza, tinakavotanso pa 23 June chaka chomwecho. Chinatheka n'chiyani? Panali mapepala ogwirika, oti munthu n'kuwanyamula kupita nawo kukhoti, wina aliyense n'kuona pamene pafufutidwa. Bawo linali pamtunda. Ndiye aliyense akamabwera ndi makina atsopano, kaya owerengera mavoti, kaya olembera anthu olandira thandizo, ine sindikana. Ndimakonda makina kuposa nonsenu. Funso langa ndi lomwe lija: ndani akuloledwa kusuzumira m'kati? Akati "ingokhulupirirani, kompyuta sinama", dziwani kuti kompyuta imanena zimene yauzidwa.

Ndipo tisathamangire ku Lilongwe kokha. Pa doko pathu pompano, ndalama zimene timasonkha zimalembedwa m'kope la ndani? Ndani analionapo? Za chitukuko cha dera zikabwera, bwanji osamata pepala pa bolodi la pasukulu kuti talandira zakuti, tagula zakuti, zatsala zakuti? Amene akukana kuika nkhomo pamtunda, m'chikhatho mwake muli kanthu. Ifenso achinyamata tili ndi mlandu: timakuwa pa gulupu usiku wonse, koma tsiku la msonkhano tili ku mpira.

Ndiye tipange chonchi. Loweruka masana, pansi pa mtengo pamene timasewera bawo, bwerani ndi malaputopu amene mwawaika pansi pa bedi. Bwerani ndi chaja chake. Zithunzi ndi manotsi anu muyambe mwasungira pena, chifukwa pothira Linux tikhoza kufufuta zonse, ndipo sindikufuna wina adzandilirire. Sindilipiritsa, koma sindikukonzerani muli chikhalire. Mumasula nokha timabauti, ine ndizingolozera, kuti mawa mudzakonzere wina. Ina ikhala yofadi, ndikuuzani mosabisa, tichotsamo RAM n'kupatsa inzake.

Alongo athu, musati izi ndi za anyamata. Msuweni wanga uja SSD ya mnzake waika yekha dzulo.

Tumizirani amene ali ndi laputopu yogona. Wobwera ndi usipa wootcha ayamba ndi iyeyo.