Dzino si la kuzula cabe

Ambiri a ife mu Lusaka timakumbukira dokotala wa mano tsiku limene tsaya latupa. Tisanapite kumeneko timayamba tamwa Panadol, taika aspirin pa nkhama, tagulanso makapisozi a amoxicillin pa ka drug store ka mu komboni. Pofika ku kiliniki mau amakhala amodzi: "Zulani cabe."

Ofufuza anayesa kale njira zimenezi. Amoxicillin siithetsa kuwawa kwa dzino lobowoka, imafunika pamene mafinya afalikira, nkhope yatupa kapena thupi latentha. Aspirin woika pa nkhama amangozitentha. Panadol imagoneka ululu, koma bowo likupitiriza kukula.

Vuto ili ndi lalikulu maningi. Lipoti la WHO la 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni pa dziko lonse ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo lofala kopambana ndi kuwola kwa mano. Tizilombo ta m'kamwa timadya shuga n'kutulutsa asidi amene amadya dzino. Manje ganizirani maswiti, mabisiketi ndi zakumwa zozizira zimene timagulira pa windo pa Kulima Tower kapena City Market. Cakumwa cimodzi ca m'citini cingakhale ndi masupuni ang'ono 10 a shuga, pamene WHO imati ndi bwino kusapitirira 6 pa tsiku.

Dzino logwidwa msanga limapulumuka. Ku Tanzania m'ma 1980, dokotala Jo Frencken anayambitsa njira yochedwa ART, imene inayesedwanso ku Zimbabwe. Amapala powola ndi zida za m'manja n'kumatapo glass ionomer, popanda makina obowolera kapena malaiti. Ngakhale pa load shedding nchito iyenda. Mu 2021 WHO inaika glass ionomer ndi mankhwala otsukira mano a fluoride pa mndandanda wa mankhwala ofunika kopambana.

Tipempha a Unduna wa Zaumoyo kuti zinthu zimenezi zizipezeka m'makiliniki a ku Kanyama, Matero ndi Chawama, kuti wodwala azipatsidwa mwai womata asanauzidwe zozula.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Tsukani mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala a fluoride, makamaka pokagona. Mukatha lavulani cabe, osacukuca ndi madzi. Mukaona kadontho kakuda, kapena dzino liyamba kunyenyena mukamwa madzi ozizira, pitani sabata yomweyo. Citsime cimadziwika kuya cikaphwa, ndipo dzino la munthu wamkulu likazulidwa silimeranso.